Kolorini wa Pansanja

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kabweko pamodzi ndi ana. Kuno ku Dambe tilipo, ndipo mwendo wa amayi uja wasiya kuwawa.

Nkhani ndi ya alamu anu, bambo a Tereza. Matenda otsegula m'mimba atabuka, azaumoyo anawapatsa chitini cha kolorini woti azithira m'chitsime, n'kuwauza kuti achisunge pozizira. Iwo anati, "Chinthu chofunika chimakhala pansanja, pomwe anankafumbwe safika." Anachiikadi pamwamba pa moto, pambali pa mbewu ya chimanga. Kadi yawo ya chipani anaiponyanso m'chitini momwemo, poopa makoswe.

Patatha milungu itatu, ndikukazinga mtedza, chivundikiro chinangoti phuu! Fungo lakelo, achimwene! Tinathawa tikutsokomola, ngakhale nkhuku yofungatira inasiya mazira.

Azaumoyo atabwera anaona ufawo n'kupukusa mutu. Akuti kutentha kumautha mphamvu, moti wotsalawo sungaphe ngakhale kachilombo kodwala kale. Panopa madzi tikuchita kuwiritsa, ndipo nkhuni akutema ndi eni akewo.

Komatu mphamvu ija inathera pa kadi. Yayera mbee, ndi dzina lomwe palibe. Loweruka pa Kamwendo anyamata ofunsa makadi anawabweza pachipata cha msika, akuti pepala lotere ndi lopichira fodya.

Chonde alembereni, inu amakumverani. Dzulo ndawapeza akuyang'ananso pansanja pomwepo, botolo la palafini lili m'manja.

Mulungu akusungeni, nafenso atisunge.

Ine mlongo wanu,
Nabanda