Nyali Zinayi Zoyaka Masana

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu, inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Pafoni mumangoti muli bwino, koma ine ndimakudziwani, mukhoza kunena zomwezo muli pamachira. Kuno thupi langa lilibe vuto. Mtima ndiwo suli m'malo, n'chifukwa chake ndasankha kulemba, poti ndikamaimba foni Bambo amakhala ali pafupi ndipo sindingamasuke.

Mukudziwa kuti ndinavomera kutenga Bambo atatuluka m'chipatala chifukwa ntchito yanga ndimagwirira kunyumba. Ndimadzitsekera kuchipinda, mahedifoni kumutu, n'kumayankha makasitomala a kampani pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Iwo amakhala pabalaza ndi wailesi yawo. Zinkayenda bwinobwino mpaka mwezi wathawu, pamene intaneti inayamba kudukaduka.

Inkaduka mosachenjeza. Munthu ali pakati pondifotokozera dandaulo lake, mawu zii. Pakapita mphindi zitatu kapena zinayi yabwerera yokha, koma kasitomala wapita kale, wapsa mtima, wakandinenera. Tsiku lina inaduka kasanu ndi kawiri. Kapitawo wathu, mayi wosaseka ndi munthu, anandichenjeza kawiri pakamwa, kenaka anandilembera kalata yoti zikapitirira ndizikagwirira ku ofesi ngati anzanga.

Palibe chimene sindinayese. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso mpaka chala kuwawa. Ndinagula chingwe chatsopano. Ndinakokera tebulo kufupi ndi chitseko, ati makoma amatchinga netiweki. Ndinasintha pasiwedi poganiza kuti aneba akundibera, ndipo mayi wa khomo loyandikana ndi langa ndinamuyang'ana ndi diso loipa sabata yathunthu, munthu wosalakwa, woti amandianulira zovala mvula ikabwera. Manyazi ake sanandichokebe.

Mmisiri wa kampani ya intaneti anabwera katatu. Ulendo woyamba anakwera papolo panja, n'kutsika akuti mawaya alibe vuto. Wachiwiri anasintha rauta, kabokosi ka nyali zinayi zobiriwira kamene kankakhala pashelefu pabalaza, Bambo n'kumamugwirira mpando kuti asagwe. Wachitatu anakhala nthawi yaitali akuwerenga zimene kabokosiko kamasunga m'kati mwake, kenaka anandiuza kuti vuto si intaneti ayi, kabokosiko ndiko kakumazima, ngati wina akukachotsera magetsi n'kubwezeranso. Anafunsa ngati m'nyumba muli mwana. Ndinaseka, ndinati muno tilimo akuluakulu awiri basi. Atapita ndinawafunsabe Bambo, ndipo anakana modekha, ati zinthu zamakonozi sazidziwa, angazigwirirenji.

Lachitatu ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Ndinalowa kuchipinda monga mwa masiku onse, koma chitseko ndinachisiya chotseguka pang'ono, n'kukhala pabedi kumasuzumira.

Sipanathe ola. Bambo anadzuka pampando, manja kumbuyo, n'kuyamba kuyendera nyumba. Anayesa chitseko chakunja, anayang'ana mawindo, anagwira mpopi wa kukhitchini kuona ngati watsekedwa bwino. Achemwali, ndi kayendedwe komwe kaja ka kusukulu kumene anasunga makiyi zaka makumi atatu, akuzungulira makalasi ana ataweruka. Atafika pashelefu anaima, anapukusa mutu poona nyali zikuyaka masanasana, n'kuzimitsa swichi yapakhoma. Wailesi yawo ili pa soketi yomweyo, ndiye nayo inangoti chete. Anadabwa, anayang'ana uku ndi uku, anayatsanso, wailesi inayamba kuimba, iwo n'kukakhala pansi mtima uli phee. Patapita kanthawi anadzukanso n'kuyambira pachitseko pomwe paja.

Apa ndikuululireni tchimo langa. Sindinaganize kuti munthuyu akudwala. Ndinaganiza za mwezi wonse wonyozedwa ndi anthu osawadziwa, za kalata ya kapitawo, ndipo ndinatuluka ndikuyaka moto. Ndinawakalipira Bambo ondibereka, mokweza mpaka aneba kumva. Ndinawanena kuti ndi abodza, akundiphera ntchito dala, ine ndikuvutika chifukwa cha iwo.

Anaima chilili n'kuvula chipewa msangamsanga. Maso amene anandiyang'ana nawo sanandidziwe. Ananditchula kuti aphunzitsi aakulu. Anapepesa, ati sadzaiwalanso kuzimitsa nyali, chonde ndisawachotse ntchito, pakuti ali ndi ana aakazi awiri aang'ono ndipo wamng'onoyo amadwaladwala. Wamng'onoyo ndine, achemwali. Ndinathawira m'bafa n'kulira ngati pamaliro, iwo ali chiimire pabalaza kudikira yankho langa.

Lachisanu ndinapita nawo kwa adokotala. Ati ndi matenda oiwala, anayamba kale ife osazindikira, sachizika, ndipo azingokulirakulira. Anandiuzitsa kuti munthu wotere asamasiyidwe yekha.

Rauta ndaisamutsira kuchipinda, ndipo intaneti siinadukenso ngakhale kamodzi. Koma zachedwa. Kapitawo ndinamufotokozera zonse, anamvetsera mpaka kumapeto, anapepesa, koma anati akuluakulu anagamula kale. Kuyambira mwezi wamawa ndizipita ku ofesi, kuchoka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa. Nyumba ino ili pamwamba, masitepe ake ndi aatali, ndipo msewu wa magalimoto uli pakhomo penipeni. Kuwatsekera ndi kiyi tsiku lonse ngati mkaidi sindingathe. Ndikasiya ntchito, tonse awiri tigona panja.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzawatenge mwezi uno usanathe. Ndikukumbukira zimene ndinalonjeza pamaso pa abale onse, kuti ndidzawasunga ine mpaka mapeto, ndipo ndikudziwa zimene anthu adzanene. Anene. Kwanuko pakhomo sipasowa munthu, ndipo mwina akaona malo amene anazolowera mutu udzakhazikikako pang'ono. Musatume alamu. Mubwere inuyo, mwina nkhope yanu aizindikira.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume, kwa azakhali ndi ana onse. Azakhali musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Ana muwakonzekeretse, kuti agogo awo akadzawafunsa kuti ndi ana a yani asadzaseke.

Bambo sakudziwa kuti ndikulemba kalatayi. Chiyambire tsiku lija, ndikalowa pabalaza amaimirira. M'mawa uliwonse amandifunsa mwaulemu kuti ndaganiza zotani pa nkhani ya ntchito yawo, ndipo ndimawauza kuti asadandaule, palibe akuwachotsa, akhala pompano. Amathokoza ndi manja awiri. Fulumirani achemwali, bodza limeneli likundilemera.

Ndine mng'ono wanu,
wodikira yankho lanu.