Tereza Sabwera ku Chiliza

Loweruka, ku Manje. Lero mtima walemera tsiku lonse, dzuwa nalo losamva chisoni.

Za mafuta a pansi pa nthaka ndinayamba kuzimva kwa mwana wanga Tereza, amene akugwira ntchito kumayiko a Aluya. Akuti kumeneko amapopera madzi pansi kuti akankhe mafuta atuluke, koma madzi ndi aulesi, amangothawira m'ming'alu ikuluikulu. Ndiye iye ndi anzake amakonza chinthu chonanda ngati therere, amati jelo, chotseka ming'aluyo kuti madzi akhotere komwe kwabisala mafuta. Nkhani imeneyi ndaikamba pa bawo ku Chilobwe mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Bambo Therere.

Dzulo anaimba foni. "Ababa, pansi pakutentha kwambiri, jelo wathu wasungunuka. Abwana akuti tiyambirenso. Sindibwera."

"Nanga chiliza cha amayi ako?"

Anangolira. Ine amene sindisowa mawu ndinangoti, "Chabwino, mwananga." Amayi ake anapita ndi matope a namondwe wa Freddy iye ali komweko, maliro anawaonera pa foni. Pamanda sanapondepo.

M'mawa wa lero tinapita kumanda ndi mmisiri womanga chilizacho. Achemwali anga amvekere, "Achimwene, malizani zonse, mwanayo adzangoika nkhata." Ndinakana. Ndinauza mmisiri asiye mbali ya kumutu yosapaka simenti, njerwa zili poyera, kuti Tereza adzaikepo dzanja lake. Koma mitambo ya mvula yayamba kale kusonkhana paphiri la Soche.