Marauta Anu Adalitsidwa, Koma Musayatse

A Wanphen akazi anga,

Nkhaniyi anandiuza ndi a Prasong, aja amagulitsa nthochi zokazinga pasiteshoni ya sitima kuno ku Lopburi. Akuti mphwawo analephera mayeso a netiweki ya makompyuta katatu, koma atapita ndi rauta yake, kabokosi kolumikizira makompyuta, kukachisi kuti amonke aidalitse ngati galimoto yatsopano, anakhoza osatsegula n'komwe buku.

Ndiye mutangopita kuntchito ndinazula zingwe pa marauta anu awiri ophunzirirapo aja, ulendo wa kukachisi. Amonke aakulu anafunsa kuti, "Bambo, mawailesi amenewa akudwala chiyani?" Ndinawauza kuti mayeso anu ndi Lachinayi, ndipo abwana anu anena kuti mukalephera mubwerera ku ntchito ya fotokope. Anamva chisoni kwambiri, madzi odalitsira aja sanaumire. Rauta imodzi anaiwaza kawiri.

Nditafika kunyumba imodzi yayaka bwinobwino, yowazidwa kawiri ija yangoti phuu, kafungo ka tsitsi lopserera. Ndaikwirira m'thumba la mpunga kuti iume, musaiyatse. Zingwe ndakulongedzerani mwaudongo. Timapepala tamanambala munamatapo tija tinali titada, ndataya, musavutike kuthokoza.

Ndikukakwera basi ya ku Bangkok kukasaka ina yakale kumsika. Ndibwera Lachitatu, mtima wanu utatsika. Pepani mayi, gwirani kaye mabuku.

Koma kunena zoona, nkhani ya a Prasong ija ndayamba kuikayikira. Ndangokumbukira kuti chaka chatha anandilirira kuti kwawo anabadwa okha.

Ndine wanu,
Bunlert