Wamasiye Wosalira Ndiye Woyamba

Okondedwa Malume,

Ndani analamula kuti wolira kwambiri ndiye katswiri? Pepani, ndayamba ndi ukali. Mwendo uja ukupola? Ife kuno tili bwino.

Ku wailesi anandipatsa makanema akale kuti ndisanje amayi amene anapikisana pa mphoto ya wosewera bwino, kenako ndiulutse mndandandawo. Amene anapambana amangogubuduka pamaliro, ndiye ndinamuika kumapeto. Patsogolo ndinaika wosewera ngati wamasiye, amene salira koma amangotsuka kapu ya malemu mwamuna wake mobwerezabwereza.

Bwana anati, "Iwe wadzulodzulo, digiri yako yaposa oweruza? Sintha, apo ayi khomo ndi ilo."

Za ntchito ya ku wailesi munandipemphera ija, Malume, tidzakambirana mukachira. Amayi musawauze kaye.

Lachisanu ndinalowa mu situdiyo, ndinatseka chitseko, n'kuulutsa zonse monga ndinasanjira.

Ndine mwana wa mlongo wanu.