Belu Lapitirira Pakhomo

Okondedwa alamu anga a Setsuko,

Ndikhulupirira muli bwino ku Sapporoko. Kuno ku Otari chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chasungunuka, mpunga tawokera kale.

Alongo anu a Noboru, amuna angawa, ayambiranso kutsetsereka m'mapiri panjinga yawo ija, imvi zili mbuu. Belu loopsezera zimbalangondo likadali pahandulo, ndipo ndikalimva likutsika, ndimatereka madzi a tiyi.

Dzulo ndinalimva likubwera, koma linangopitirira pakhomo pathu. Alongo anuwo anachita kubweretsedwa ndi aneba. Ndinati, "Bambo, mwayamba kuthawa tiyi wanga?" Anaseka, amvekere, "Njirayi aisintha." Alamu, njira imene anailambula okha ali mnyamata!

Tiyiyo anamwa, n'kundithokoza mwaulemu ngati ali kwa eni.

Kodi njingayi ndiibise? Musandiyankhe pakalata, ingobwerani.

Ndine mlamu wanu,
Fumie