Mzere wa a Laimoni

Zomba
24 Epulo 1994

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chandigwira sabata yathunthu. Ndikudziwa kuti akuwerengereni ndi Dorica chifukwa cha maso anuwo. Iwe Dorica ndimakudziwa, uwerenge zonse, usadumphe mzere poopa nkhope ya bambo.

Ntchito yotayipa kukoleji kuno ikuyenda, ngakhale makina anga akalamba moti ndimachita kuwamenya ngati ndikusinja. M'tauni muno nkhani ndi chisankho basi. Mayi amene ndimakhala m'nyumba mwawo ali ndi zitenje za zipani zitatu, ndipo amavala malinga ndi lole imene yaima pamsika tsiku limenelo.

Kalata yanu ndinalandira Lachiwiri. Ndaiwerenga kanayi koma mutu wanga sukugwirabe. Mwati chinkhoswe changa ndi Malizani chiyambe chaima. Mwati tsiku losankha wapampando wa chipani chatsopano pabwalo la sukulu kwathu ku Ligowe, anthu ataima pamizere kumbuyo kwa amene akumufuna, a Gerishon, amenenso ankaufuna mpandowo, ananena pagulu kuti iwo sangaime kumbuyo kwa mdzukulu wa kapolo. Ankanena a Laimoni, amalume ake a Malizani. Ndipo inu, Bambo, munachoka pamzere wa a Laimoni n'kukaima kumbuyo kwa a Gerishon. Tsopano akuti chipani chagawika pawiri, anthu sakubwerekananso ngakhale nkhwangwa.

Ine apa ndiye sindikumvetsa. Kodi a Laimoni si omwe aja munkayenda nawo khomo ndi khomo chaka chatha, kuuza anthu kuti avotere nyali ya zipani zambiri? Si omwe ananyamula amayi pamachira mpaka kuchipatala mvula ili pamsana? Ukapolo wawowo unali utabisala kuti nthawi imeneyo?

Chandisokoneza kwambiri n'chakuti sabata yomweyi aphunzitsi a mbiri yakale anandipatsa mapepala oti ndiwatayipire ophunzira awo. Nkhani yake ndi ya chisankho cha bwanamkubwa wa chigawo cha New York ku America, mu 1848. Chipani chachikulu kumeneko chinang'ambika pawiri pa nkhani ya ukapolo. Ena ankakana kuti ukapolo ufalikire kumadera atsopano, ena ankati nkhaniyo isakhudzidwe, chipani chingapasuke. Mbali iliyonse inaimika munthu wake, ndipo mpando anatenga ndi wa chipani china, amene anangowapeza akukangana. Pepala limenelo ndinalilakwitsa katatu chifukwa maganizo anali ku Ligowe.

Nditapita kukapereka mapepalawo, ndinawafunsa aphunzitsiwo kuti nanga akapolo eni akewo ankafuna ndani. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti iwowo anali m'zigawo zina, ndipo panalibe amene anawafunsa.

Za ku Americazo ndikuzimvako pang'ono, popeza akapolowo analipo, amoyo, akugulitsidwa pamsika. Koma kwathuko kapolo ali kuti? Agogo awo a a Laimoni anamwalira kalekale, inuyo musanamere ndevu. Ndimayesa tinavotera nyali kuti tonse tikhale mfulu. Kapena ineyo ndi amene sindinamve bwino, mundiuze.

Malizani anabwera dzulo kuchokera ku Blantyre. Ndinamuphikira mpunga, sanaukhudze. Anati mawu amenewo si achilendo kwa iye, anayamba kuwamva ali mwana kudambo koweta mbuzi, koma sankayembekeza kuti angatuluke m'nyumba mwathu. Anati sakakamiza, ngati bambo akana ndiye kuti akana. Ndinalira, Bambo, sindikubisirani. Ndimamukonda munthu ameneyu, ndipo zaka zitatu zonsezi simunamupezepo chifukwa.

Kenaka anandiuza chinthu chimene chandisowetsa mtendere. Anati kumanda a kwathu, anthu amene anabwera ogwidwa pankhondo zakale sankaikidwa pamodzi ndi eni mudzi. Ankawaika kumapeto, kuseri kwa mtengo wa msuku uja. Kumeneko kuli mitumbira iwiri yopanda mtanda. Umodzi ndi wa agogo awo a a Laimoni, ndipo amaulambula ndi a kubanja kwawo. Winawo sadziwa kuti ndi wa yani, koma chaka chilichonse amaupeza utalambulidwa kale.

Koma ndikukumbukira tsiku lina lolambula kumanda, ine ndi Dorica titabweretsa thobwa. Anthu onse atamwazikana, inu munatsalira, n'kutenga khasu kulowera kuseri kwa msuku. Nditakufunsani madzulo ake, munati mumangoopa moto wolusa. Chaka chotsatira munachitanso chimodzimodzi, ndipo amayi ananditsina kuti ndisafunsenso.

Pempho langa ndi limodzi, Bambo. Sindikupempha kuti mubwerere pamzere wa a Laimoni, za chipani mukudziwa ndinu. Ndikungopempha kuti mundiuze dzina la munthu amene agona pamtumbira umene mumalambula nokhawo, ndiponso kuti ndi ndani wathu. Mukaona kuti n'zovuta kumuuza Dorica kuti alembe, ndibwera ndekha tikatha kuvota, mudzandiuzire pakhonde. Mwina a Gerishon atatchula mawu aja munaopa kuti chala chingatembenukire kwa inu. Mwinanso ndikulakwa, ndipo ngati ndi choncho mundikhululukire. Nsalu ya chinkhoswe ikadali kwa telala, sindinamuuze kuti asiye kusoka.

Moni kwa amayi, kwa azakhali a ku Midzemba, kwa alamu ndi ana onse. Iwe Dorica, zikomo powerenga mpaka pano, ngati wafikadi. Mukakumana ndi a Laimoni kutchalitchi muwapatse moni wanga, ngati mukupatsanabe moni.

Ndine mwana wanu, amene sakudziwa mzere woti aimepo,

Clara