Kiyi wa Lachinayi

Lachitatu

Makanika 10:12
madala, kiyi wa chipinda cha group yathu ndimusiya pa shop yanu. mawa sindibwera

Telala 10:15
kiyi satumizidwa mphwanga. lamulo ukulidziwa

Makanika 10:31
ndamwa weekend. abwana a garage anatigulira, ndimati kamodzi kokha, ndinazindikira lili lolemba

Telala 10:33
nchifukwa chake a counsellor anapatsa iweyo, anaona kuti ukugwedera. kiyi amasunga wofooka, kuti akajomba tonse tikhale panja

Makanika 10:40
anthu aja anandiombera m'manja mwezi watha kuti ndasiya mowa. ndikawayang'ana ndi maso ati?

Telala waonjezera Saluni

Saluni 11:02
achimwene manyazi ake ati? a telalawa sanakuuzeni za ulendo wawo wosunga kiyi? kkkk

Saluni 11:04
🎤 voice 0:44
Nthawi imeneyo inu musanabwere, tinalipo ochepa, mipando yapulasitiki yomanga ndi waya, ketulo yoti munthu azigwira chingwe kuti iwire. Mvula inatipeza pakhonde, a telala kulibe. Wina akuti tithyole loko, malemu aphunzitsi, amene anayambitsa lamuloli, akuti ayi, mwini kiyi akubwera. Tinanyowa ngati nkhuku! Kenako awo, akudzandira, nsapato imodzi.

Telala 11:09
bodza iwe. zinali ziwiri, kungoti zosiyana

Telala 11:15
koma ndimawasowa aphunzitsi aja. kapu yawo ikadali pa windo, palibe amamwera. tsiku lija sanandifunse kanthu, anangoti tsegulani tazizidwa. akanathyola loko bwenzi ine kulibe pano

Telala 14:50
mphwanga?

Saluni 17:20
mwawerenga achimwene, blue ticks tikuziona

Lachinayi

Makanika 08:05
a counsellor ali ndi spare. musandipusitse

Telala 08:07
anali naye. aphunzitsi anamuponya mchimbudzi, eni ake akuona

Makanika 08:09
kkkk

Makanika 08:10
masiku ndinkangoyamba aphunzitsiwo ankandisungira mpando wapafupi ndi chitseko, ati ukafuna kuthawa usatiponde

Telala 08:12
ndipo sunathawe

Saluni 15:46
tafika. ndabweza kasitomala mutu uli half, musandichititse manyazi plz

Telala 15:58
tonse tili pakhonde, a counsellor akhala pa njerwa. dzuwa lake si pano

Telala 16:14
pabwera bambo wina watsopano, amuperekeza akazi awo. maso ali ku geti. tikachedwa ameneyu atithawa

Missed call: Telala 16:22

Missed call: Saluni 16:25

Saluni 16:27
mlonda akuti ali ndi hamala. a telala amukaniza

Makanika 16:39
ndili pa stage. ndamwanso m'mawa madala, ndikununkha

Telala 16:39
bwera nalo fungolo. palibe mlendo wake pano

Makanika 16:40
ndikuchita mantha

Telala 16:40
ifenso. fulumira

Makanika 16:42
awuzeni bambowo asachoke. ndikuoloka msewu